Adyo Asalowe M'malo mwa Mankhwala a BP

Nditapita kwathu ku Kuti, m'boma la Salima, patchuthi, ndinapeza azakhali anga atasiya mankhwala a BP. M'malo mwake ankamwa makapisozi a adyo amene anagula kwa munthu wina woyenda ndi chikwama. Akuti adyo amatsuka mtima.

Sindikunyoza adyo ayi; inenso chambo chopanda adyo sichindikomera. Ndipo kafukufuku wina amasonyezadi kuti adyo amatsitsako BP, koma pang'ono chabe. Pa za mafuta a m'magazi, umboni wake ndi wokayikitsa. Mu 2007, Christopher Gardner ndi anzake a ku Stanford anayesa anthu 192 kwa miyezi 6. Ena anawapatsa adyo wamuwisi, ena mapiritsi ake, koma cholesterol yoipa sinatsike.

Chimene chimandiopsa n'chakuti BP kawirikawiri sipweteka. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali nayo, ambiri osadziwa. Choncho azakhali akamati "Ndikupeza bwino, mwanangu," mtima wanga sukhala m'malo. Munthu amagwa ndi sitiroko akupeza bwino momwemo.

Ndinawachonderera kuti tipite kuchipatala akayezetse. Anavomera, koma kabotolo kaja anakamanga pachitenje.