Tisamangodutsa pa Mangochi

Ku England, mabanja akapeza mpata amakaona nyumba zakale za anthu olemera monga Chatsworth House, n'kumayenda m'minda yake ya maluwa. Amalipira pakhomo, ndipo ndalamazo ndi zimene zimakonzera madenga ndi kulipira osamalira minda. Bungwe la National Trust lakhala likusunga malo ambiri otere kuchokera mu 1895.

Kuno kwathu nyumba zikuluzikulu zotero n'zosowa, koma zakale zoti tione zilipo. Vuto ndi loti tikamapita kunyanja pa tchuthi timadutsa pa boma la Mangochi ngati tikuthamangitsidwa.

Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yomwe idamwalira mu 1901. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idaononga sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann panyanja yathuyi. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mukayenda pang'ono mufika ku nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum, yomwe kale idali kalabu ya azungu. Ku Cape Maclear nako kuli manda a amishoni amene adakhazikitsa Livingstonia yoyamba mu 1875, malungo asadawasamutsire ku Bandawe.

Ena amati izi n'za atsamunda, tilibe nazo gawo. Ife tikuti ayi. Adaumba njerwa ndani? Adasenza nkhuni zoyendetsera sitimazo ndani? Mwana akaima pamalo amenewa afunsa za Fort Johnston, za mfumu Mponda ndi Makanjira, ndi za akapolo amene adadutsa m'derali. Mafunso otere saiwalika ngati notsi za m'kalasi.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tikaleka kuyendera malowa, ndalama zowasamalira zisowa, ndipo chipupa chikagwa mbiri yake imapita nacho.

Choncho tikupempha khonsolo ya Mangochi ndi nthambi ya boma yoona zakale kuti aike zikwangwani zomveka m'Chichewa ndi m'Chiyao, aphunzitsenso achinyamata a m'derali kufotokozera alendo. Aphunzitsi akonze maulendo a ana asukulu.

Inu makolo, ulendo ukubwerawu imani ola limodzi lokha pa boma. Chambo muchipeza, nyanja siithawa.