Mapazi Osafufutika a pa Lamya

Kholo limene mwana wake wakwera basi ya usiku siliona tulo mpaka litamva kuti wafika bwino. Kale nkhawa yotere inkadikira kalata kapena telegalamu, ndipo yankho linkabwera patapita masiku. Lero pa lamya za m'manja pali mapulogalamu amene amaonetsa kadontho koyenda pa mapu, ndipo kadonthoko ndiye mwana uja: kakaima pa siteji kholo lidziwa, kakalowa pa chipata cha sukulu mtima ukhala pansi. Palibe munthu wanzeru amene anganyoze chinthu chotere, makamaka akaganizira za atsikana oyenda okha madzulo ndi madalaivala a maulendo aatali. Komatu funso limene ambiri sadzifunsa ndi lakuti: kodi amene akuona kadonthoko ndi mbale yekhayo wopatsidwa chilolezo?

Yankho liri m'mene lamya imadziwira malo ake. Masetilaiti a GPS, amene amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kuchokera pansi, amangoulutsa zizindikiro za nthawi ndi za pamene iwo ali. Lamya ikamva zizindikiro za masetilaiti anayi kapena kuposerapo, imawerengera yokha pamene yaima. Setilaitiyo sidziwa kanthu za mwini lamya, monga momwe nyumba youlutsira mawu sidziwira amene watsegula wailesi yake. Chinsinsi chimayamba kutuluka pamene pulogalamu itenga malowo nkuwatumiza pa intaneti ku makompyuta a kampani imene idaipanga, kuti kuchokera kumeneko afike kwa mbale uja. Kotero pakati pa mayi ndi mwana pamakhala wachitatu amene onse awiri sadamuonepo nkhope, ndipo iyeyu akhoza kusunga kaundula wa kumene mwanayo adagona, nthawi imene adanyamuka ndi kumene adazengereza.

Zimene wachitatuyo angachite ndi kaundulayo zidaonekera poyera pa nkhani ya Life360, pulogalamu ya ku California m'dziko la America imene idatchuka chifukwa cholonjeza kuteteza mabanja. Mu Disembala 2021, atolankhani a bungwe la The Markup adaulula kuti kampaniyi, imene nthawi imeneyo inali ndi anthu pafupifupi 33 miliyoni oigwiritsa ntchito, inkagulitsa malo enieni a anthuwo, ana ndi akulu omwe, kwa makampani pafupifupi 12 amene ntchito yawo nkugula ndi kugulitsanso mbiri ya maulendo a anthu. Ena mwa ogulawo anali X-Mode, Cuebiq ndi SafeGraph. M'chaka cha 2020 chokha malonda amenewa adabweretsa madola 16 miliyoni, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zonse zimene kampaniyo idapeza. Mkulu wake wa nthawiyo, Chris Hulls, sadakane za malondawo. Adafotokoza kuti ndiwo amachititsa kuti anthu ambiri azigwiritsa ntchito pulogalamuyo osalipira, ndipo kampaniyo idanenanso kuti sigulitsa za ana osakwana zaka 13.

Kuyankha kumeneku nkoona mtima, koma kukuonetsa pamene padagona vuto. Kholo lidaganiza kuti lalemba mlonda waulere, osadziwa kuti mlondayo amadzilipira yekha pouza anthu akunja nthawi imene eni nyumba amatuluka ndi kubwera. Inde, chilolezo chidalembedwa m'mapangano aatali aja amene munthu amavomera ndi chala chimodzi asanawerenge ngakhale mzere woyamba, koma nkovuta kukhulupirira kuti mayi woika pulogalamu pa lamya ya mwana wake wa zaka 15 adamvetsa kuti wavomera zimenezo. Anthu atadandaula, mu Januwale 2022 kampaniyo idalengeza kuti ileka kugulitsa malo enieni a anthu kwa makampani aja kupatula Arity, ya m'banja la kampani ya inshuwalansi ya Allstate, ndi kuti kwina izingopereka ziwerengero za anthu ophatikizidwa pamodzi.

Ochita malonda otere amakonda kudziteteza ndi mawu amodzi, akuti maina amachotsedwa ndipo chotsala ndi nambala chabe. Apa mpofunika kuti mphunzitsi wa masamu aime pang'ono ndi ophunzira ake. M'chaka cha 2013 akatswiri a ku MIT ndi a ku yunivesite ya Louvain ku Belgium adasanthula maulendo a anthu 1.5 miliyoni a miyezi 15, opanda dzina liri lonse. Adapeza kuti kungodziwa malo anayi amene munthu adapezekako, pamodzi ndi nthawi zake, nkokwanira kusiyanitsa anthu 95 mwa 100 alionse ndi anzawo onse. Ndipo malowo adachokera ku nsanja za lamya, zimene siziloza ndendende ngati GPS. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Kadontho kamene kamagona m'nyumba imodzi usiku uli wonse, nkumapezeka pa sukulu imodzi m'mawa uli wonse, sikafunanso dzina, pakuti ndi anthu angati amene amagona m'nyumba imeneyo nkumaphunzitsa pa sukulu imeneyo? Mu Disembala 2019 nyuzipepala ya New York Times idaonetsa zomwezi pamene idapeza kaundula wa lamya 12 miliyoni za anthu a ku America, ndipo atolankhani ake adatha kulonda anthu ena mpaka pa makomo awo.

Nthawi zina sipafunika ngakhale wogulitsa kapena mbala. Strava ndi pulogalamu ya anthu othamanga ndi opalasa njinga, amene amafuna kuonetsa anzawo mtunda umene ayenda. Mu Novembala 2017 kampaniyi idatulutsa mapu a dziko lonse oonetsa njira zimene anthu ake amadutsamo kawirikawiri, zowala ngati moto wa tchire usiku. Mu Januwale 2018 wophunzira wina wa pa yunivesite ku Australia, Nathan Ruser, wa zaka 20, adaona kuti m'zipululu za Syria ndi Afghanistan, m'mene simudayenera kuwala kanthu, munali timizere tozungulira. Anali asilikali othamanga m'mphepete mwa mipanda ya misasa yawo, ndipo mwa kutero adajambula misasayo kuti dziko lonse lione. Mu Ogasiti chaka chomwecho akuluakulu a asilikali a America adaletsa asilikali a kumalo a nkhondo kutsegula zoloza malo pa zipangizo zawo. Koma phunzirolo silidalowe msanga, pakuti mu Okutobala 2024 nyuzipepala ya Le Monde ya ku France idasonyeza kuti kudzera pa Strava yomweyo munthu akadatha kutsata asilikali olondera Emmanuel Macron, Joe Biden ndi Vladimir Putin, nkudziwiratu kumene atsogoleriwo akafikire. Akale adati ukayenda siya phazi, pakuti mlomo ndiwo umatsata munthu. Masiku ano phazi nalo layamba kutsata mwini wake.

Malamulo akubwera, koma akubwera pambuyo. Mu Januwale 2024 bungwe la boma la America loyang'anira malonda, Federal Trade Commission, lidaletsa X-Mode, imodzi mwa ogula aja, kugulitsa zosonyeza kuti munthu adapita ku malo ngati chipatala kapena nyumba yopemphereramo. Kuno ku Malawi gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mu 2024 kudakhazikitsidwa lamulo la Data Protection Act, limene lidapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira za momwe mbiri ya anthu imasungidwira. Ichi nchinthu chabwino, ngakhale kuti dzanja la bungwe la kuno silingafike msanga pa kompyuta iri kutsidya kwa nyanja.

Palinso woonera wina amene lamulo lamalonda silimkhudza, ndiye wa m'nyumba momwe. Mwamuna wansanje akauza mkazi wake kuti atsegule malo ake usana ndi usiku, mkaziyo amavomera, koma kuvomera kwa munthu woopa kufunsidwa kuti “ukubisa chiyani?” si kuvomera ayi. Chomwechonso mtsikana wa Fomu 4 amene bwenzi lake lamuuza kuti chikondi chenicheni sichibisa kumene chiri. Ubwenzi ukatha kadontho kaja kamatsala, ndipo amene adali womuperekeza amasanduka womulonda. Aphunzitsi amene amalangiza atsikana za kuyenda usiku angachite bwino kuwafunsanso kuti ndani amene akuona malo awo pa lamya, ndi kuti adampatsa liti chilolezocho.

Sikuti mapulogalamu onse ali chimodzimodzi. Kusiyana kwakukulu kuli pa kutalika kwa nthawi ndi pa amene amasunga kaundula. Pa WhatsApp, imene anthu ambiri kuno amaidziwa, munthu akafuna kuonetsa kumene akuyenda amasankha mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, ndipo nthawiyo ikatha kadonthoko kamaima kokha. Eni ake amati uthengawo umatsekedwa kotero kuti iwo omwe sangauwerenge. Kumeneku nkuperekeza mlendo mpaka pa mphambano nkubwerera. Pulogalamu yopempha kuona malo nthawi zonse, ngakhale lamya iri m'thumba, ndi nkhani ina, ndipo mwini lamya ali ndi mphamvu yoikaniza: m'makonzedwe a lamya muli posankha kuti pulogalamu ione malo pokhapokha itatsegulidwa, kapena isaone konse. Kuyambira 2020 pa lamya za Apple, ndi 2021 pa lamya za Android zatsopano, munthu angathenso kupereka dera chabe m'malo mwa malo enieni. Pulogalamu yolosera za mvula imangofunika kudziwa kuti mwini wake ali ku Dedza kapena ku Nsanje. Ikaumirira kudziwa khomo la nyumba yake, ndiye kuti ikufuna china osati mitambo.