Kodi Kabichi Walakwa Chiyani?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwathu, lero sindipita m'mbali. Pali bodza limene likuzungulira pa WhatsApp mpaka kulowa m'mastafurumu mwathu. Akuti munthu amene thyroid yake yafooka angachire ndi zakudya zokha: asiye kabichi, asiye soya, agule tiyi wakutiwakuti, mapiritsi a kuchipatala ataye. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo lingathe kupweteka munthu!

Tibwerere kaye ku Biology. Thyroid ndi kachiwalo ka pakhosi, kamene kakatupa timati munthu ali ndi chithokomiro. Kamatulutsa mahomoni oyendetsa liwiro la ntchito za m'thupi. Kakafooka, munthu amangokhala wotopa, amamva kuzizira anzake akutuluka thukuta, amadzimbidwa, khungu limauma, thupi limanenepa. Zoyambitsa zikuluzikulu ndi ziwiri. Choyamba ndi kuchepa kwa ayodini m'zakudya, ndipo tingakupewe pogula mchere wothira ayodini. Chachiwiri ndi matenda amene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anawafotokoza mu 1912, pamene chitetezo cha m'thupi chimaukira thyroid yomweyo. Pamenepa ngakhale mutadya mchere thumba lonse simungachire, mungangokweza BP. Mankhwala ake ndi levothyroxine, ndipo ambiri amamwa moyo wawo wonse.

Nanga zakudya zilibe mbali? Zili nayo, koma nkhani yagona pa nthawi. Piritsi limeneli limwedwe ndi madzi okha, m'mimba mulibe kanthu, ndipo padutse mphindi 30 mpaka 60 musanadye. Khofi, mkaka ndi soya zimalepheretsa mankhwalawa kulowa bwino m'magazi zikamwedwera pamodzi. Mapiritsi owonjezera magazi, ngati aja a kusikelo, ndi a calcium azitalikirana ndi levothyroxine ndi maola 4. Ndiye soya pieces wanu idyani masana popanda mantha. Kabichi wophika, wodyera nsima monga tidyera tonsefe, alibe mlandu. Chofunika kusamala ndi chinangwa chowawa: chikapanda kuviikidwa mokwanira, poizoni wake amatsekereza ayodini kulowa mu thyroid, makamaka kwa munthu amene ayodini ndi wochepa kale. Agogo athu a kunyanja ankadziwa chimene ankachita poviika chinangwa cha kondowole masiku angapo.

Tsopano zoziziritsa kukhosi. Ena akuti ndizo zimapha thyroid, ena akuti za "diet" zimachiza. Onsewa asokera. Vuto la zakumwazi ndi shuga. Botolo la Coca-Cola la 300 ml lili ndi shuga woposa magalamu 30, pafupifupi timasupuni 8. Malangizo a World Health Organization a mu 2015 amati shuga wothira asafike pa 10 peresenti ya mphamvu ya chakudya cha tsiku, kumene kuli ngati magalamu 50 kwa munthu wamkulu. Mabotolo awiri okha, mwadutsa kale malire. Kwa munthu amene thupi likunenepa kale, kumeneko ndi kuthira mafuta pamoto. Za "diet" zilibe shuga, inde, koma si mankhwala. Thobwa kapena tiyi wa masupuni anayi a shuga nayenso asadzione woyera. Ludzu likavuta, madzi alipo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife aphunzitsi, amene timalanga ana akalemba yankho lopanda umboni, ndife timatumiza mauthengawa kumagulupu osafunsa n'komwe. Anthu amatikhulupirira chifukwa tinaphunzira. Mayi woyembekezera akasiya mankhwala chifukwa cha uthenga wochokera kwa "aphunzitsi", ubongo wa mwana ali m'mimbayo ndiwo uli pachiswe. Mlandu umenewo ausenze ndani?

Ngati mukudzikayikira, pitani kuchipatala akayeze magazi, kuyeza kwake amati TSH. Ngati muli kale pa mankhwala, musasiye kapena kusintha mlingo popanda dokotala. Ndipo wogulitsa tiyi uja akabwera, mufunseni funso limene timafunsa m'kalasi: umboni wako uli kuti?

Ndathera pompa. Amene ali ndi makutu amve.