Dzenje Lakuya Likoka Nthaka ya Mnansi

Munthu akakumba dzenje lakuya, nthaka ya m'mbali itsala yopanda cocirikiza, niyamba kusendera kudzenjeko pang'onopang'ono. Ku London, kumene sitima ziyenda pansi pa nthaka kuyambira 1863, womanga sakumba pafupi ndi njira yace popanda cilolezo, ndipo akatswiri apima kusuntha kwa makoma m'mamilimita.

Mu Lusaka mulibe njanji yapansi, koma njanji ya ku Livingstone ipita m'mbali mwa Misisi, pamene okumba miyala anasiya dziwe la Ngwenya. M'makomboni wophwanya miyala adyetsa ana ndi nchitoyo, palibe womnyoza. Nanga khoma la mnansi likang'aluka m'dzinja, alipira ndani? Khonsolo ya mzinda ionetse anthu pokumba, patali ndi nyumba, mapaipi a madzi ndi njanji.