Mvula ikubweranso, phiri lidakali lomweli

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atatsanula mvula kwa masiku angapo osapuma, mbali ya phiri la Soche inagumuka n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja mu Blantyre. Ku Chiradzulu, mudzi wa Ntauchira unasanduka bwalo la miyala. Tikaphatikiza omwalira ndi osowa, dziko linataya anthu oposa 1,000. Ambiri anati Napolo wadutsa, monga zinanenedwera ku Zomba mu 1946 komanso ku Phalombe mu 1991, pomwe phiri la Michesi linatsitsa matope ndi miyala.

Tisamukankhire zonse Napolo. Dothi la m'mapiri ambiri n'lochepa, langokhala pamwamba pa thanthwe lotsetsereka. Mvula ikapitirira, madzi amalowa mpaka kukagunda thanthwelo n'kusowa kolowera. Dothi limalemera, pansi pake pamaterera, ndipo chotsala kuligwira ndi mizu ya mitengo basi. Mitengoyo tinaotchera makala.

Kwerani limodzi mwa mapiriwa muone. Bambo wasema mtunda ndi piki kuti apeze posalala pomanga nyumba, wasiya khoma la dothi lachilili kuseri kwa chipinda chogona ana. Kumtunda kwake wina akuswa miyala yogulitsa, wina walima chimanga mizere yolozetsa kunsi, moti madzi amathamanga ngati m'ngalande. Aliyense wachotsako pang'ono pomwe phiri linatsamira. Ndipo tisawatonze anthuwa: sanakwere kumeneko kukapitidwa mphepo, anathawa lendi komanso mtengo wa puloti.

Mu 2023 momwemo Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. N'zabwino, koma lamulo silisamutsa munthu wopanda kopita. Mbande zomwe timadzala chaka ndi chaka nazonso zimafuna zaka zambiri kuti mizu igwire, ndiye ngati mbuzi ndi moto wolusa zazisiya. Choyenera kutsogola n'chakuti makhonsolo ndi mafumu apezere mabanjawa malo ena, n'kuleka kugawa malo m'mapiri.

Inu amene mukadali m'mphepete mwa phiri, dzinja lino khalani tcheru. Mukaona ming'alu pansi kapena pakhoma, mitengo ikupendekeka, madzi akutumphuka pomwe sipanakhalepo kasupe, kapena mtsinje wasanduka matope mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche. Nyamulani ana muchoke, katundu mudzamuona pambuyo.