Asiyeni Apalase

Chaka ndi chaka, kumayambiriro kwa mwezi wa Ogasiti, anthu oposa 6,000 amakwera njinga zao m'chigawo cha Massachusetts ku America napalasa kuti apeze ndalama zolimbana ndi matenda a khansa. Olimba mtima amatenga njira yaitali ya masiku awiri, yokathera ku Provincetown kumene mtunda umalowa m'nyanja. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300, monga kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe. Dzina lake ndi Pan-Mass Challenge.

Tamva anthu ena, ophunzira ndithu, akunyoza maulendo otere. Amati ndi masewera a anthu okhuta, ofuna kujambulidwa zithunzi atavala zonyezimira. Amafunsa kuti: ngati munthu ali ndi chifundo, bwanji osangopereka ndalamazo mwakachetechete, thukuta lonseli n'lachiyani? Funsoli limamveka lanzeru, makamaka kwa ife amene timadziwa njinga ngati chonyamulira makala, chimanga ndi odwala opita kuchipatala. Koma ife tikulikana, ndipo tikuganiza kuti ambiri olifunsa dzanja lao silinalowepo m'thumba.

Tiyeni tione chiyambi chake. Billy Starr anataya mai ake chifukwa cha khansa ya pakhungu m'chaka cha 1974. M'chaka cha 1980 anasonkhanitsa anthu 36, napalasa nao kuchokera ku Springfield mpaka ku Provincetown, ndipo anapeza madola 10,200. Zinali zochepa. Koma pofika chaka cha 2024 ndalama zonse zimene ulendowu unapereka ku chipatala cha Dana-Farber mu mzinda wa Boston zinapitirira madola biliyoni imodzi. Kodi onyozawo angatiuze kuti ndalama zimenezi zikanafika zokha, anthu atangokhala pakhonde?

Sizikanafika, pakuti munthu sapereka popanda womupempha, ndipo kupempha n'kochititsa manyazi. Njinga imachotsa manyaziwo. Wopalasa amapita kwa m'bale wake, kwa mnansi, kwa mnzake wa kuntchito, nanena kuti: ine ndipereka miyendo yanga masiku awiri, nanga iwe upereka chiyani? Munthu wotere n'kovuta kum'bweza chimanjamanja. Ndiponso asanaloledwe kukwera amalonjeza kupeza madola zikwi zingapo, ndipo akalephera kukwanitsa amalipira chotsalacho kuchokera m'thumba mwake. Masewera a mtundu wanji amene munthu amalowa atadzimangirira ngongole?

Ife tikuudziwa bwino mtima umenewu, ngakhale sitikonda kuutchula. Mai akadwala khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene akutha akazi ambiri m'Malawi muno, amagona m'nyumba miyezi yambiri ndalama yokwerera basi yopita kuchipatala chachikulu ikusowa. Obwera kudzamuzonda amangopepesa, nabwerera. Koma tsiku limene mfumu yalengeza zovuta, mbale ya chipepeso imadzaza, bokosi limagulidwa, ufa ndi nkhuni zimachokera mbali zonse. Ndalama zinalipo kale lomwe. Chimene chinasowa ndi mwambo woziitana wodwala akali moyo. Anthu a ku Massachusetts anadzipangira mwambo wotere, ndipo ife amene timasonkha pa maliro ndife omalizira kuwaseka.

Tisabise mau: achinyengo alipo. Lance Armstrong, amene anachira khansa nakhazikitsa bungwe lothandiza odwala m'chaka cha 1997, analandidwa ulemu wonse wa mipikisano isanu ndi iwiri ya Tour de France m'chaka cha 2012 chifukwa cha mankhwala oletsedwa, natula pansi udindo wake m'bungwemo. Aliponso maulendo ena amene gawo lalikulu la zosonkha limathera pa mahema, chakudya ndi malipiro a okonza. Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma pano mwambiwo sugwira, chifukwa nsombazi tikhoza kuzinunkhiza imodziimodzi. Wopereka aliyense afunse kuti pa ndalama yake zingati zidzafika kwa odwala. A Pan-Mass Challenge amayankha kuti zonse: ndalama iliyonse yosonkhedwa ndi wopalasa imapita ku Dana-Farber, pakuti zowonongedwa pa ulendo zimalipidwa ndi makampani ndiponso ndalama zolembetsera, ndipo anthu zikwi zingapo amagwira ntchito m'njira monsemo osalandira kanthu. Okonza ulendo akalephera kuyankha funso limeneli, pamenepo tidzanyoza pamodzi.

Ndipo kumene ndalamazo zimapita si kwachabe. Sidney Farber, amene chipatalacho chimatchedwa dzina lake, ndiye anaonetsa m'chaka cha 1948 kuti mankhwala angathe kubweza khansa ya m'magazi mwa ana, pa nthawi imene mwana wogwidwa nayo ankamwalira m'miyezi yowerengeka. Lero m'maiko olemera ana asanu ndi anai mwa khumi alionse odwala mtundu wofala wa khansayi amapulumuka. Sitikunena kuti njinga ndiyo inachita zonsezi. Tikunena kuti kafukufuku amadya ndalama zaka zambiri asanabale chipatso, ndipo wina ayenera kuzifunafuna.

Pakati pa opalasawo pamakhala mazana a anthu amene anadwalapo khansa, ena akulandirabe mankhwala. Ambiri amalemba pa malaya ao maina a abale ao amene anatsogola. Wofuna kuwauza kuti akungodzionetsera akaime m'mbali mwa msewu wa ku Provincetown, akawauze pamaso.