Chikondwerero chisamayambire ku golosale

Khirisimasi ikayandikira, ambiri a ife ochokera ku Dowa ndi Ntchisi timathamangira ku Mponela kukagula buledi, ngati kuti tiyi sangatsike popanda lofu wa m'pepala. Ife tikuti chakudya cha tsiku lalikulu tiziphika tokha pakhomo.

Taonani anzathu a ku Italy. Pa Pasaka mabanja ambiri amakanda ufa wa tirigu ndi yisiti, mkaka, mazira ndi shuga. Ukafufuma amaupota zingwe n'kuziluka ngati tsitsi, ndipo m'mipata amasomekamo mazira aawisi opaka utoto, omwe amapsera limodzi ndi bulediyo. Amautcha pane di Pasqua. Mabekale ali nawo ochuluka, koma lusoli salitaya, chifukwa mwana amaliphunzira ataima pambali pa agogo ake.

Nafenso tili ndi chathu: chigumu. Ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa, soda ndi kamchere, mumphika woyalamo masamba a nthochi, moto pansi, makala pachivindikiro. N'zoona kuti chigumu sichilukika, pakuti ufa wa chimanga ulibe gluten, yemwe amachititsa kuti ufa wa tirigu ukokeke osaduka. Koma kodi ulemu wa chakudya uli m'malukidwe?

Palinso nkhani ya thumba. Tirigu wambiri amene timadya amachokera kunja. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 mtengo wake unakwera, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, buledi anasanduka wa apo ndi apo m'makomo ambiri. Chonsecho chimanga, nthochi, soya ndi mtedza zili m'minda mwathu momwemu.

Ena amati kuphika chigumu kumatha nkhuni, pomwe mapiri athu ayera kale. Nkhawayi ndi yomveka, koma zitsononkho zomwe timataya tikakonola chimanga zimayaka bwino lomwe. Enanso amati chigumu n'cha amphawi. Maganizo amenewa ndi amene akutisiyitsa luso la amayi athu, ndipo akadzapita opanda wolilandira, palibe golosale imene idzatigulitse.

Ife aphunzitsi a mawa, tidzawauza chiyani ana za chikhalidwe ngati sitidziwa n'komwe kuchuluka kwa soda wothira mumphika? Tchuthi chino tikakhale kukhitchini ndi amayi kapena agogo, tikafunse miyeso, tikailembe m'kope. Amene akwanitse kugula ufa wa tirigu ayesere kuluka ngati a ku Italy, koma chigumu chisasowe pamphasa.